Mtsinje wa pansi umene tinaugula kawiri

Lolemba, pa msewu wa Great East

Basi yanyamuka pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka kusanache. M'chikwama ndanyamula chitenje cha amama, shuga, ndi kope la ndalama za mjigo, momwe ndalemba kuti uje wapereka zakuti, uje akali kulonjeza. Ndine mwana woyamba, ndiye kope limagona kwa ine, ndipo madandaulo onse amafikira pa foni yanga.

Kwa inu amene simuidziwa nkhaniyi, inayamba chaka cha chilala chija, pamene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti dziko lagwa m'tsoka. Chitsime cha amalume, chimene mudzi wathu ku Chadiza wakhala ukumwa kuyambira ine ndili kabuthu, chinaphwa mpaka pansi kuchita ming'alu. Tinasonkha ndalama, tinaitana okumba mjigo. Malo anatisankhira bambo wina wa kamtengo ka mphanda. Anazungulira pabwalo la amama kamtengo kali njenjenje, kenaka anaponda pansi nati, "Pano padutsa mtsinje waukulu, mudzachita kuuthawa." Anaboola mamita 60. Chimene chinatuluka ndi fumbi lotuwa, nkhuku zinasambamo mwezi wathunthu. Okumbawo anatenga zawo napita, chifukwa pepala limene ndinasaina ndi dzanja langali linkati tikulipira mamita, osati madzi. Ine mphunzitsi, amene tsiku lililonse ndimauza ana kuti werengani funso musanayankhe.

Tasonkhanso. Ulendo uno ndati ndikaimepo ndekha.

Titapitirira Chongwe tinadutsa pa Chinyunyu, pamene pali kasupe wa madzi otentha m'mbali mwa msewu. Basi siima, koma ndinafikapo kale ndi ana a sukulu, ndipo chala sungachisiye m'madzimo. Agogo amene ndakhala nawo mpando umodzi anati pansi pamenepo pali moto wa mizimu. Sindinawatsutse, anali atangondigawira chinangwa chootcha. Chimene ndimauza ana ine ndi chakuti madziwo ndi mvula yomweyi. Imalowa mu mng'alu wa thanthwe n'kutsika kutali, kumene miyala imatentha yokha, popeza pa kilomita iliyonse yotsika kutentha kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30, ndiye imapeza mng'alu wina wobwerera kumwamba isanazizire. Nditakumbuka zimenezi mtima unayamba kufunsa: ngati madzi amayendadi ulendo wotero pansi, bambo wa kamtengo uja ananama pati?

Pa Luangwa Bridge tinatsika kuwongola miyendo. Dzuwa la Okutobala kuchigwa kumeneku silicheza. Mtsinje wachepa, wasiya mchenga mbee mbali zonse, koma ukuyendabe, chikhalirecho mvula inaleka mu Epulo. Ndagulira amalume nsomba zouma, pa Nyimba nthochi. Pofika ku Chipata, makilomita pafupifupi 570, mapazi anali atatupa ngati maungu.

Lachiwiri, Chipata

Ndakumana ndi mnyamata amene akatipimire malo. Ndi mwana wa mayi wina wa kumpingo kwathu, anaphunzira za miyala ku yunivesite ya UNZA, ndipo amayenda ndi bokosi la makina, zikhomo zachitsulo ndi mawaya ataliatali okulunga. Tinakhala m'kantini ina ku Kapata, mapiri ozinga tauni akuoneka pakhomo. Sindinazungulire.

"Mwanawe, mtsinje wa pansi uja udutsa pati?"

Anaseka, koma mwaulemu. "Amama, kwanu kulibe mtsinje wa pansi. Mukanafunsa za ku Kanyama, ku Lusaka kumene mukhala, ndikanayankha zina."

Anatenga banzi langa, lomwe ndinali ndisanalume n'komwe, naliika pa kambale, nathirapo tiyi pang'onopang'ono. Tiyi analowa, nazimirira. Anathiranso. Patapita kanthawi theka la pansi la banzi linali nyowee, la pamwamba louma.

"Tiyi ali kuti, amama?"

"M'banzi."

"Mwaonamo mtsinje?"

Kenaka anaboola banzi ndi chala mpaka pa mbale, ndipo m'kadzenjemo tiyi anayamba kusonkhana. Chitsime ndi chimenecho, anatero. Suboola mtsinje, umangopatsa madzi a m'timipata ta nthaka pothawira. Pamene pakumana ponyowa ndi pouma ndi pamene madzi a pansi alekezera, ndipo malire amenewo amakwera mvula ikagwa, natsika m'chilimwe. Kambale kaja kanali ndi mng'alu, tiyi anayamba kudontha pa tebulo, mwini kantini akutiyang'ana ndi diso la kumbali. Mnyamatayo anakondwera ngati wachita kupangana nako. Mbale ndiyo thanthwe, anati. Miyala ya kuno kum'mawa, granite ndi gneiss ndi abale ake, ndi yogwirana kwambiri, ilibe timipata tosunga madzi. Ukafika pa iyo, madzi uwapeza m'ming'alu mokha. Ukaphonya mng'alu ndi mkono umodzi, ungaboole mpaka ndalama zithe.

Ndinamuuza za Luangwa wa dzulo. Anati ndi madzi omwewo. Mvula ya Januwale ikali kutsika m'nthaka ya mapiri, ndipo imatulukira m'mitsinje pang'onopang'ono chaka chonse. Anawonjeza chinthu chimene ndachilemba m'kope la ndalama kuti ndikauze ana: pa madzi abwino onse a dziko lapansi amene sali oundana, pafupifupi 99 pa 100 ali pansi pa nthaka. Mitsinje ndi nyanja zonse timazidziwazi ndi kotsala chabe.

Masana ndinapita kwa okumba atsopano. Kuyambira 2018 lamulo limafuna kuti wokumba mijigo akhale ndi layisensi ya WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, ndipo mjigo ulembetsedwe. Ndaiona layisensiyo ndi maso anga, pepala la mgwirizano ndaliwerenga kawiri, kachitatu mokweza mawu. Madzulo tinapanikizana m'kagalimoto ka ku Chadiza, bokosi la makina lili pa miyendo yanga.

Lachitatu, kumudzi

Amama anandilandira ndi madzi a m'chikho, theka lokha. Sananene kanthu, koma ndinamva.

Amalume ndiwo mwini mbumba, ndipo zitsime zambiri za midzi ino anakumba ndi iwo, ndi piki ndi fosholo yodula mpini. Mnyamata uja atangotsitsa katundu anamupatsa dzina, a Mawaya, ndipo ankamuyang'ana monga ayang'anira mkamwini wodzuka dzuwa litakwera. Zinasintha pamene mnyamatayo anapempha kuona chitsime chakale asanamasule waya ngakhale mmodzi.

Amalume anabwereka kalilole wa amama, nalozetsa dzuwa m'chitsimemo. Kuwala kunatsika m'khoma ngati buluzi. Njerwa zili pamwamba pokha, m'munsi monse nthaka ili poyera, ndipo anayamba kuitchula chimodzichimodzi.

"Apa katondo. Apa dongo lotuwa, limamata piki, madzi silipereka ngakhale ulilire. Apo pakunyezimirapo ndiwo mwala wowola. Ukauona uti ndi mwala, mizere yake yonse ilipo, koma ukaumenya umafumbutuka ngati chigumu. Madzi amakhala m'menemo. Satumphuka ayi, makoma amachita kutuluka thukuta. Ukagona, m'mawa upeza afika m'mawondo. Pansi pake thanthwe. Piki imalira ngwee, moto n'kuthetheka. Pamenepo munthu umatuluka."

A Mawaya anavula kapusi. "Atate, zimene mwanenazi ife tinachita kulipira ndalama ku yunivesite kuti atiuze."

Amalume sanaseke, koma kuyambira pamenepo anayamba kumunyamulira zikhomo.

Chitsimecho ndi cha mamita 14. Chaka cha chilala madzi anatsika kupitirira pamene piki inalekezera, ndipo ngakhale anabwerera pang'ono, pofika Seputembala chimatsala matope. "Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa," anatero amalume, ndipo sankakamba mwambi, ankakamba chitsime chawo chenichenicho.

Tinapitanso pa dzenje la chaka chija, pabwalo la amama, pamene tinavundikira ndi lata ndi mwala. Apa ndi pamene ndinachita manyazi. Agogo anamanga pamalo pano dala, chifukwa ndi pokwera, pouma, madzi a mvula sakhalapo. Thanthwe lili pafupi, kuseri kwa nkhokwe limachita kuonekera. Ndiye kuti tinakaboola mbale pamene palibe banzi.

Kupima kunatenga tsiku lonse. Amakhoma zikhomo zinayi pamzere umodzi, ziwiri za kunja zimalowetsa magetsi m'nthaka, ziwiri za pakati zimamvetsera. Akatalikitsa zikhomo za kunja, magetsi amatsika kwambiri. Thanthwe louma limakaniza magetsi, mwala wowola wonyowa umawalola kudutsa. Ana a mudzi wonse analembedwa ntchito yothamanga ndi mawaya, malipiro masiwiti. Ndinafunsa ngati makinawo akuona madzi. Anati ayi, ndipo aliyense amene angandiuze kuti makina ake amaona madzi ndigwire chikwama changa. Makina amangosonyeza pamene mwala wowola wazama, ndi pamene thanthwe likuoneka losweka. Dongo lokhalokha limalolanso magetsi, ndipo lanamiza anthu ambiri.

Dzuwa litapendeka anakhoma chikhomo cha mtengo kumunsi kwa mudzi, cha kudambo. Amalume anayang'ana chikhomocho, nayang'ana mkuyu waukulu uli chapafupi, ndi mitengo ya katope imene yandandalika kutsika nacho chigwa, yobiriwira pamene tchire lonse lili gwaa. "Ndinawauza chaka chija," anatero. Ndi zoona, anatiuza. Ife a ku Lusaka, eni ndalama, tinkafuna mjigo pakhomo pa amama.

Amama sanakondwe. Ndinayesa mtunda ndi mapazi, ndinapeza 400 kuchoka pa khitchini. A Mawaya anawagwadira nawafotokozera kuti ngakhale madzi akanapezeka pabwalo, chimbudzi ndi khola zili pafupi, ndipo mjigo uyenera kutalikira chimbudzi ndi mamita 30 kapena kuposa. Amama anati, "Ndamva, mwana wanga," ndi mawu aja amene amatanthauza kuti nkhani sinathe.

Lachinayi, Kalemba

Okumba akuti afika mawa, ndiye lero tinalibe chochita. A Mawaya anati sangabwere ku Chadiza osaona phanga la Kalemba. Ine ndinabadwira m'boma lomweli, dzinalo ndimalimva, koma ndinali ndisanafikeko. Tinabwereka njinga zamoto ziwiri, amalume anakwera kumbuyo atagwira chipewa, ndipo titapereka ulemu kwa anyakwawa a kumeneko anatipatsa mnyamata wotitsogolera.

M'mutu mwanga munali phanga la m'mabuku a sukulu: mdima bii, madzi akudontha, miyala yosongoka ikulendewera kudenga. Chimene ndinapeza ndi chimwala chachikulu chowerama, pansi pake pali ngati khonde la nyumba ya mfumu. Kuwala kumalowa bwinobwino. Pansi fumbi louma, kamphepo kozizira, mavu amanga pakhoma. Pakhoma pomwepo pali zojambula zoyera. Za chinamwali ndi za kudambwe sitizikamba pa intaneti, ndipo amalume ataona zina anangotsokomola n'kuyang'ana kumbali. Ndingonena kuti zojambula za mtundu umenewu zili m'mapanga enanso a kuno, ku Thandwe kufupi ndi Chipata, ku Makwe ku Katete, mpaka ku Chongoni ku Dedza, kumene UNESCO inakulemba m'kaundula wake mu 2006. Pa Kalemba pano katswiri wa zinthu zakale David Phillipson anafukula mu 1971, napeza zida za miyala zosanjikizana, za pansi kwambiri za zaka zoposa 35,000. Ndinakhala pa fumbilo ndikuganiza kuti onsewo ankamwa kuti mu Okutobala.

Ndinafunsa kuti phangali linakumbidwa ndi madzi kodi. A Mawaya anati inde, koma osati momwe ndikuganizira. Anatola kachidutswa ka mwalawo, nandionetsa timaso take. Tina toyera ngati mchere wa miyala, tina totuwa mofiirira, tina takuda tonyezimira. Chinyezi chikakhalitsa pa mwala uwu, timaso totuwato timasanduka dongo, takudato timawola, koma toyerato sitisintha, timangogwa n'kukhala mchenga. Ndiye kuti mtsuko wa amama ndi mchenga wa kumtsinje mayi wake ndi mmodzi. Kuwola kumeneku kumachitika kwambiri pansi pa nthaka, pamene chinyezi sichichoka, ndipo kumayambira m'ming'alu. Pakati pa ming'alu pamatsala mitima ya miyala yolimba, yobulungira. Nthaka ikakokoloka zaka zosawerengeka, miyala ija imatsala poyera itasanjikizana, ngati imene timaiona m'mapiri a ku Katete. Mbali ya mthunzi imasunga chinyezi, imasendeka makoko pang'onopang'ono, ndipo khonde limakula.

Amalume anamvetsera mutu uli pambali. "Ndiye phiri ili ndi chitsime changa chovula," anatero. Mnyamatayo anati sakanatha kunena bwino kuposa pamenepo.

Kenaka anapisa m'chikwama natulutsa mwala wina woyera, umene anati anautola cha ku Chilanga, kumene amakumba miyala ya simenti. Anaukanda ndi mpeni mpaka panatuluka kaufa, nafinyirapo ndimu. Anafinyiranso pa mwala wa Kalemba. Wa Kalemba unangonyowa. Woyera uja unayamba timathovu, ndipo nditauika ku khutu ndinamva ukulira sii, ngati botolo la chakumwa lotsegula kumene.

Uwu ndi mwala wa laimu, ndipo suwola, umasungunuka. Mvula potsika imatenga mpweya wa carbon dioxide, womwe uja wa m'zakumwa za thovu, ndipo podutsa m'nthaka ya mizu ndi masamba owola imatenga wochuluka koposa. Imasanduka asidi wofooka kwambiri, woti lilime silingamumve, koma ali ndi nthawi. Amanyambita mng'alu wonga tsitsi mpaka mulowe chala, mpaka mulowe mbuzi, mpaka munthu ayendemo choimirira. Ndipo popeza mwalawo wapita ndi madzi, sipatsala dongo lambiri lotseka njira. M'dziko la miyala yotere mtsinje umatha kulowa pansi anthu akuona, n'kukatulukira kutali. Denga la phanga likatopa limagwa, pamwamba n'kutsala chidzenje. Akatswiri amalitcha karst, dzina la chigawo china cha miyala yotere ku malire a Slovenia ndi Italy. Miyala yolendewera ija ya m'mabuku ndi laimu yemweyo, madontho akumubweza pang'onopang'ono, ndipo yambiri imatenga zaka 1,000 kuti ikule ngati chala changa chapakati.

Anayamba kutchula malo, ndipo ndinadabwa kuti ambiri ndimawadziwa, kungoti sindinkadziwa kuti ndi apachibale. Nyanja ya Kashiba ku Mpongwe ndi ya Chilengwa kufupi ndi Ndola ndi madenga a mapanga amene anagwa. Mapanga a ku Mumbwa. Dziwe lobiriwira la ku Chinhoyi ku Zimbabwe. Chigaza chija cha munthu wakale chimene anachipeza ku Kabwe mu 1921, chomwe mpaka lero chili ku London, chinali m'phanga la mwala wa dolomite, mbale wake wa laimu, limene anthu a mgodi analiboola pofuna mtovu.

"Ndiye mtsinje wa pansi ulipo," anatero amalume, atapeza pogwira.

"Ulipo, atate. Lusaka yakhala pamwamba pake."

"Basi. Zabwino zonse ku Lusaka."

Ine ndinangoti chete. Ndimakhala ku Kanyama zaka zambiri tsopano. Ndimadziwa miyala ija yosongoka imene imatuluka m'misewu, imene amayi amaiswa ndi hamala n'kugulitsa pa wilibala. Ndimadziwa kuti kwathu chimbudzi sichikumbika, umafika pa mwala usanafike m'chiuno, ndiye anthu amachimanga chokwera ndi masitepe. Mvula ikachuluka madzi sachokera kumwamba kokha, amatumphuka pansi, m'nyumba momwe. Sindinaganizepo kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi. A Mawaya anati m'mwala wowola wa kuno madzi amakwawa, mwina mkono umodzi pa tsiku kapena kuchepera, ndipo dongo ndi mchenga zimawasefa m'njira. M'ngalande za laimu angathe kuyenda mamita mazanamazana tsiku limodzi, popanda chosefa. Chimene chalowa m'chimbudzi Lolemba chingafike m'chitsime cha mnansi sabata isanathe, madzi ali mbee, osanunkha. Ndinakumbuka kolera wa 2017 ndi 2018, pamene zitsime zosazama za ku Kanyama zinkakwiriridwa, ndi Januwale wa 2024, pamene sukulu zinachedwa kutsegulidwa ndipo odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. M'kalasi mwanga munatsala desiki imodzi yopanda mwini. Za zimenezo sindilemba zambiri.

Pobwerera amalume anaika mwala woyera uja m'thumba la jekete. Sanapemphe.

Lachisanu

Okumba sanabwere. Akuti tayala. Foni yanga yalira tsiku lonse, mng'ono wanga wa ku Kitwe akufunsa ngati sitinadyeredwenso.

Madzulo ndinatsagana ndi atsikana kumtsinje. Pamwamba palibe dontho, mchenga wokhawokha wotentha mapazi. Mdzukulu wa achemwali anagwada pa khonde la mtsinje pamene wakhota, nafukula ndi mbale mpaka mkono wonse kulowa. Mchenga unayamba kuda, kenaka pansi panayamba kunyezimira. Anakapa oyamba aja amatope n'kutaya, nadikira, natunga ndi chikho mosamala kuti asavundule. Ndowa imodzi, mphindi makumi awiri. Ku Mfuwe njovu zimachita chimodzimodzi ndi miyendo ndi chitamba. Ndinamuuza mtsikanayo za banzi ndi tiyi. Anandiyang'ana ngati ndikumuphunzitsa kusenza ndowa.

Loweruka

Afika m'mawa, malole awiri, lina la chitsulo chobowolera, lina la kompuresa. Mudzi wonse unatsikira kudambo, ngakhale amama, amene anati akungopita kukaona mbuzi.

Anyakwawa anathira ufa pa chikhomo, abusa anapemphera, aliyense mbali yake, ndipo makina anayamba. Phokoso lake limalowa m'mano. Hamala imamenya pansi, mphepo ya kompuresa imaulutsira zophwanyika kumwamba, ndipo pa mita iliyonse mnyamata wa okumba amatapa pang'ono n'kuika kamulu pansi, timilu khumi pamzere. Ine ndinaima pa timiluto ndi kope langa. Amalume anaima pambali panga, manja kumbuyo, akuwerenga ngati nyuzipepala.

Timilu toyamba tofiira. Kenaka totuwa tomata. Pa mamita 12 tinayamba kunyezimira, amalume anafinya kamodzi m'manja nagwedeza mutu. Pa 14, pamene chitsime chawo chinalekezera, mwala wowola unkapitirirabe. Pa 18 fumbi linasiya kuuluka, zotuluka zinabwera zonyowa ngati gaga wothira madzi, azimayi anayamba nthungululu, woyendetsa makina anawakweza dzanja kuti dikirani. Pa 25 kulira kwa hamala kunasintha, kukhala kouma, ndipo timilu tinayamba kutuluka totuwa, tonga timiyala ta konkire. Ndinaudziwa mtundu umenewo. Ndi womwe uja nkhuku zinasambamo. M'mimba munatentha. Ndinayang'ana a Mawaya, iwo akuyang'ana chitsulo, osaphethira.

Mamita asanu ndi limodzi a fumbi. Ndinawerenga ndalama za mita iliyonse m'mutu, ndi nkhope ya aliyense amene anazipereka.

Pa 31 chitsulo chinachita ngati chapunthwa, chinatsika msanga kachidutswa, ndipo m'dzenjemo munatuluka chimkokomo, kenaka madzi a matope anauluka kupitirira lole. Ana anathamangira pansi pake. Mnyamata wa timilu anandibweretsera timiyala ta pamenepo, tina tili ndi mbali yofiira ngati dzimbiri. A Mawaya anati chimenecho ndi chidindo cha madzi, akhala akudutsa mu mng'alu umenewo kuyambira kale. Pa 38 anapeza wina waung'ono. Anaimira pa 45.

Anayesa ndi ndowa ya malita 20, inadzaza pa masekondi 40. Ndinati ndi ochepa, poona mmene anaulukira. Anandiuza kuti kuuluka kuja ndi mphamvu ya kompuresa, koma theka la lita pa sekondi limaposa zimene mkono wa munthu ungapope pa mjigo. A kumudzi kumwa, kuphika, kuchapa, akwana. Za dimba lalikulu la tomato limene mlamu wanga wayamba kale kulota, ayi. Ndalemba pa gulu la banja ndi zilembo zikuluzikulu.

Analowetsa mapaipi apulasitiki, ena a timing'alu tolowera madzi kulunjika pamene pali ming'alu ya thanthwe, nathira timiyala tosefa m'mbali, pamwamba simenti kuti madzi a pabwalo asatsikire m'dzenje. Pampu idzakhala India Mark II, yomwe ili m'midzi yambiri, ndipo okonza ake ndi zitsulo zake sizisowa. Chimodzi chokha a Mawaya anaumirira: mapaipi okweza madzi asakhale achitsulo wamba. Madzi a m'miyala ya kuno nthawi zambiri amadya chitsulo, ndipo mijigo ina imene anthu anaisiya chifukwa nsima imafiira, vuto silili pansi, lili m'mapaipi. Zawonjezera mtengo. Ndavomera ndisanafunse aliyense, adzanditukwana Lolemba.

Amalume anaima nthawi yaitali akuyang'ana mzere wa katope uja. "Madzi saiwala khwawa," anatero, napita kukamanga mbuzi ya okumba.

Lamulungu

Pampu adzaika sabata yamawa, konkire ikauma. Ndiye ndichoka osapopako. Ndatunga botolo limodzi la madzi a dzulo, agona usiku, matope akhala pansi, pamwamba pali mbee. Lina a Mawaya apita nalo kukapimitsa. Amama pochoka ku tchalitchi anadzera kudambo, ndipo pobwera anandiuza kuti mapazi si 400 ayi, ndi 436, ine ndili ndi miyendo yaitali.

Lachiwiri, Kanyama

Ndafika usiku. M'mawa poika madzi a tiyi ndinasuzumira m'ketulo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayang'anitsitsa makoko oyera aja amene ndimawapala ndi supuni mwezi uliwonse ndikudandaula. Ndinapala pang'ono, ndinafinyira ndimu. Analira sii. Ndakhala ndikumwa denga la phanga zaka zonsezi, n'chifukwa chake sopo wa kuno satulutsa thovu ngati wa kumudzi.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mwala wotuluka pansi, uli ndi kamng'alu koti mulowe dzanja, pamene ana a pa poloti amataya madzi otsukira mbale chifukwa sadikha. Ndinathirapo ndowa yathunthu. Inapita yonse, ndinamva ikugubuduka pansi ngati pakhosi pa ng'ombe. Kenaka ndinayesa ndi mapazi kuchoka pa chimbudzi kufika pa chitsime cha a landilodi, chimene amati ndi cha kuchapira kokha, koma mpopi wa pa kiyosiki ukatseka tonse timadziwa chimene chimachitika. Mapazi khumi ndi limodzi. Ndi miyendo yanga yaitaliyi.

Ndagula mabotolo awiri a klorini pa kantemba, limodzi ndapatsa mayi wa chipinda choyandikana nane, amene ali ndi mwana woyamwa. A landilodi ndikamba nawo Loweruka akabwera kudzatenga lendi, ndipo mwala wa m'ketulo ndausunga m'kapepala kuti ndikawaonetse.

Masana amama anaimba. Akuti amalume akhala pansi pa mkuyu kuyambira m'mawa, mwala woyera uja uli m'manja, ndimu m'thumba, akuonetsa aliyense wodutsa. Akuuza anthu kuti mtsinje wa pansi unasamukira ku Lusaka, kuno kunatsala thukuta lake, ndipo analipeza ndi iwo. Kenaka amama anafunsa kuti kiyi ya mjigo idzakhala kwa yani, popeza ndi iwo amene adzayenda mapazi 436.